Zilembo za Chigiriki pa Masamba a Malemu a Longwe

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinakaipereka ndekha ku ofesi ya koleji Lolemba loyamba la mwezi wa Marichi, m'chaka chachiwiri chipumireni pa ntchito. Yachiwiri ndinaipereka mu Juni chaka chomwecho, yachitatu mu Novembala, ndipo yachinayi inapita Januwale wapitayu. Makope onse anayi ali m'fayilo yobiriwira m'kabati ya kuchipinda, lililonse lili ndi chidindo cha ofesi yolandira makalata. Yankho palibe, ngakhale la mzere umodzi. Ana anga, ndaona kuti ndikangoyamba nkhaniyi mumayang'anana ngati mukuti mdalayu wayambanso. Ndiye m'mutu uno ndifotokoza bwinobwino kuti masamba amene ndikulirirawo ndi otani, ndinawalemba bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani sindingakhale chete. Koma musaganize kuti ndikulemba ndi mtima wowawa. Ntchito imeneyi inandilera, inakuphunzitsani nonsenu, ndipo anthu ambiri amene ndinagwira nawo anandichitira zabwino zoposa zimene ndinkayenera.

Chaka choyamba pa ntchito, mwezi wa Meyi

Ndinafika ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Dedza ndili ndi satifiketi ya kutayipa, sutikesi imodzi ndi juzi imene ndinkaiyesa yokwanira, poti nanenso ndine wa kozizira. Mzuzu anandiphunzitsa kuti kuzizira kwa mvula yowaza tsiku lonse ndi kwina. Ndinapeza chipinda cha lendi ku Mzilawaingwe, kumene ndikukhala mpaka lero, ndipo ntchito ndinayamba pa koleji yophunzitsa aphunzitsi, imene dzina lake sindilitchula m'buku lino poti nkhani yanga ndi iwo sinathe. M'chipinda chotayipira tinalimo anthu anayi. Wotiyang'anira anali mayi Gondwe, mzimayi wamfupi wovala magalasi a chingwe, amene ankadziwa ndi khutu lokha kuti wina walakwitsa, chifukwa wolakwitsa amayamba waimitsa zala. Tsiku lachitatu anandipatsa mayeso a masamu olembedwa pamanja kuti ndiwatayipe pa stensulo, pepala laphula lija tinkapukusira makope ambiri. M'mayesomo munali tizilembo tachilendo. Kena kanali ngati a wopinda mchira, kena ngati B wa mwendo wautali, kena ngati dzira lomanga lamba. Ine ndinaganiza kuti mphunzitsiyo ali ndi dzanja loipa, ndiye ndinamukonzera: a, B, O. Ndinapereka ntchitoyo monyadira.

Mayi Gondwe anakweza stensuloyo pawindo, kenaka anandisuzumira pamwamba pa magalasi.

"A Mbewe, ku Dedza mumawakonzera aphunzitsi mayeso?"

"Ndangowongola pamene sipamawerengeka, mayi."

"Yewo chomene, mwatithandiza. Kalasi yonse ikanalephera mwaukhondo."

Anzanga anaseka mpaka mmodzi anatuluka panja. Mayiwo sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala pambali panga, nandiuza kuti zimenezo ndi zilembo za Chigiriki, anthu a masamu ndi sayansi amazibwereka chifukwa zathuzi siziwakwanira, ndipo makina athu otayipira analibe. Lamulo linali lakuti ukafika pa chilembo chotere usiye mpata, ndipo ukamaliza tsamba ubwerere ndi cholembera chachitsulo n'kuchijambula pamanja pa stensulo, mosamala kuti usaboole. Masiku amenewo zinthu zinkasowa. Riboni imodzi tinkaitembenuza mpaka zilembo zikhale ngati mithunzi, ndipo mankhwala ofufutira stensulo akatha tinkapaka penti wa zikhadabo wa mayi Gondwe, moti mayeso a chaka china anatuluka m'chipinda chathu akununkhira ngati mkwatibwi. Titamaliza kukonza, anandituma kwa mwini mayesowo kuti ndikapepese ndekha.

Mwini wake anali a Longwe, mphunzitsi wa masamu ndi sayansi, munthu wamtali wa ku Nkhata Bay amene sindinamuonepo wopanda tayi, ngakhale pa tsiku la masewera. Ndinagogoda n'kulowa.

"Ndiye inu ndi amene mwabatiza theta wanga kuti akhale O?" anatero.

"Pepani, bambo, masamu sindinapite nawo patali."

"Masamu asiyeni, ndi anga. Inu muwadziwe anthuwa mayina awo basi, monga mmene mumadziwira oyandikana nawo nyumba. Simufunika kudziwa kuti amadya chiyani."

Anatenga khadi loyera n'kulemba zilembo zonse makumi awiri ndi zinayi, chachikulu ndi chaching'ono chake, ndi dzina pambali: alefa, beta, gama, delita, mpaka omega. Anandichenjeza pa zitatu zimene zimanamiza maso: rho amene amafanana ndi p, nu amene amafanana ndi v, ndi sigima wamng'ono amene ali ndi nkhope ziwiri. Khadi limenelo ndili nalo, lili m'fayilo ya chaka chimenecho. Kuyambira pamenepo a Longwe sankalola kuti wina atayipe mapepala awo. Ankalowa m'chipinda chathu n'kufuula kuti, "Monire mose! Ali kuti mlembi wa Agiriki?" Zinapitirira choncho zaka makumi awiri. M'zaka zimenezo ndinakwatira mayi anu, munabadwa inu, mayi Gondwe anapuma n'kundisiyira mpando wawo, ndipo ndimawathokoza mpaka lero chifukwa tsiku lija akanatha kungondilembera lipoti loipa ndikadali woyesedwa.

Chaka cha makumi awiri ndi chimodzi

Mzinda unali utasintha. Sukulu ya ukachenjede inali itatsegulidwa, nyumba zinkamera kumene kunali minda, ndipo aphunzitsi a kumidzi ankafuna kuwonjezera maphunziro osasiya ntchito. Koleji yathu inayamba kuphunzitsa anthu ali kwawo. Mkulu wa koleji nthawi imeneyo, a Nyasulu, anagamula kuti manotsi onse aikidwe pa intaneti kuti mphunzitsi wa kutali akafika m'tauni azitha kuwerenga kapena kusindikiza. Ine, amene ndinali nditazolowera kale kompyuta potayipa makalata, ananditumiza ku kosi ya masabata awiri yophunzira kulemba masamba a pa intaneti. Ntchito yaikulu inali ya a Longwe. Anali ndi makope a manotsi a moyo wawo wonse wa uphunzitsi, ndipo matenda a shuga anali atayamba kuwadya maso. Ankawerenga pepala ataligunditsa pamphuno. Anandipatsa makopewo m'katoni ya sopo nati, "Awa ndiwo ana anga ena. Ine sindidzawaonanso bwino, inu muwatulutse."

Ku kosi anatiphunzitsa njira yachidule yolembera zilembo za Chigiriki. Umatayipa chilembo wamba, monga p, kenaka n'kuchiveka fonti ina yapadera, ndiye pa sikirini chimaoneka π. Fonti ndi kaonekedwe ka zilembo, tingoti malaya: mkatimo akadali p yemweyo, koma wavala za Chigiriki. Njirayi inali yachangu, ndipo ndinathamanga nayo. Magetsi ankazimazima, ndipo chingwe cha foni chinali chimodzi, chogawana ndi ofesi ya za chuma, moti masamba ndinkawatumiza pa nthawi ya nkhomaliro yokha, eni chingwe akapita kukadya. Ngakhale zinali choncho ndinamaliza m'miyezi inayi. A Nyasulu anandiimiritsa pa msonkhano wa ogwira ntchito onse, anthu anawomba m'manja, ndipo ndinalandira kalata yondiyamikira. Mayi anu anaiika mu felemu tsiku lomwelo.

Loweruka lotsatira ndinapita m'tauni kukagula misomali, ndipo mtima wonyada unandikokera m'kanyumba ka intaneti kamene kanali pafupi ndi depoti ya basi. Ndinkafuna kuona masamba anga pa kompyuta ya eni. Ndisanakhale n'komwe ndinaona tsamba langa lili kale pa sikirini ya pambali, ndipo mzimayi wina wachikulire ndithu, chikwama chili pamiyendo, akukopera m'kope mofulumira. Anaona kuti ndikusuzumira.

"Pepani adada, masamu mumawadziwa?"

"Pang'ono, amama. Kwagwanji?"

"Ine ndine mphunzitsi, ndachokera kutali, ndipo basi yanga inyamuka posachedwa. Taonani apa. Akuti kulemera kwa chitsulo chobulungira ndi r p r² h. Nanga ma r awiriwa ndi amodzi? Ndawerenga kanayi, mutu wanga wakana."

Ndinayang'ana. Mzere umenewo ndinkaudziwa. Unayenera kukhala ρπr²h: rho, kenaka pi, kenaka r weniweni. Pa kompyuta imeneyo malaya aja anali atavulidwa, zilembo zonse zili mbulanda. Pulogalamu yowerengera masamba inali ya mtundu wina, yosasamala za fonti yanga. Rho anasanduka r, pi anasanduka p, ndipo theta paliponse anali q. Mayiyo anandionetsa masamba a kope lake a ulendo wapitawo, ndipo ananena monyadira kuti ana ake a fomu 3 aloweza kale za sin q. Ndinabwereka cholembera chake n'kukonza mizere imene ndinakwanitsa basi isanayambe kuliza hutala. Anandithokoza kwambiri, nati wolemba masambawa Chiuta amukhululukire. Sindinamuuze kuti wolembayo ndi ine. Chimenecho chimandichititsa manyazi mpaka lero.

Lamulungu masana, titabwera ku tchalitchi, ndinawafotokozera mayi anu tili kuseri kwa nyumba, iwo akusankha nyemba. Ndinawauza kuti makompyuta onse a ku koleji ndi a mtundu umodzi, ndipo pa onsewo masamba akuoneka bwino.

"Ndiye mukakhala chete adziwe ndani?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Palibe. Ine ndekha."

"Nanga mukundifunsiranji ine? Kachotseni kalata ija pakhoma, felemuyo ndiikamo chithunzi cha ubatizo wa mwana."

Lolemba lake

Ndinalowa mu ofesi ya a Nyasulu m'mawa ndi pepala limene ndinasindikiza ku kanyumba kaja. Anawerenga, navula magalasi.

"A Mbewe, mwauza ndani?"

"Mkazi wanga yekha, bwana."

"Ndiye tilipo atatu. Alendo amene anatithandiza ndi makompyutawa akubwera pakatha masabata atatu. Adzaonera pa makina athu, ndipo pa makina athu zonse zili bwino. Akapita mukonze mmene mungafunire."

"Bwana, masabata atatu amenewo aphunzitsi akhala akukopera."

"Ndanena, a Mbewe."

Ndinabwerera pampando wanga n'kukhala osagwira kanthu mpaka nkhomaliro. Ndinali ndisanakanepo lamulo la bwana chiyambireni ntchito, ndipo ndinkadziwa kuti dzina langa lili pa mndandanda wa oyenera kukwezedwa chaka chimenecho. Inu awiri akuluakulu munali ku sekondale. Koma chingwe cha foni chitamasuka, ndinachotsa masamba onse a masamu ndi sayansi, n'kuika chidziwitso ichi, chimene kope lake ndinasunga: "Masamba awa achotsedwa kaye chifukwa wotayipa analakwitsa zilembo za Chigiriki. Amene munakopera kale, chonde musaphunzitsire mpaka atakonzedwa." Lachitatu ndinalandira kalata yondichenjeza chifukwa chosamvera. Alendo anabwera, anapeza chidziwitso changa m'malo mwa masamba, ndipo kukwezedwa kuja kunandidumpha. Makalata awiriwo, woyamikira ndi wochenjeza, ndinawamanga pamodzi ndi pini imodzi, poti anasiyana masiku osakwana khumi ndipo anasainidwa ndi dzanja limodzi.

Sindikufuna kuti muwaone a Nyasulu ngati munthu woipa. Iwo anali ndi koleji yonse pamutu, ine ndinali ndi zilembo zokha. Alendo atapita anandiitana, osatchula za kalata ija, nandifunsa kuti ndikufuna chiyani kuti ntchitoyo ikonzeke. Ndinali nditapeza kale mankhwala ake. Kumapeto kwa mapepala a kosi ija kunali tebulo limene wotiphunzitsa analidumpha, ati n'lotaya nthawi. Tebulolo linkasonyeza kuti chilembo chilichonse cha Chigiriki chingathe kulembedwa ndi dzina lake. Umayamba ndi kachizindikiro kopiringizika aka &, kamene amati ampasandi, kenaka dzina la chilembocho m'Chingerezi, n'kutseka ndi semikoloni, kadontho ka mchira kaja. Ukalemba ρ wowerenga amaona ρ. Ukalemba π amaona π. Dzina ukaliyamba ndi chilembo chachikulu umapeza chachikulu: δ ndi δ, koma Δ ndi Δ. Apa panalibenso za malaya. Kompyuta imauzidwa dzina lenileni, n'kujambula yokha chilembocho. Ndinayesa tsamba limodzi, ndinapita nalo ku kanyumba ka ku depoti ndi kwina kuwiri m'tauni, ndipo konseko rho anali rho. Ndinawauza a Nyasulu kuti ndikufuna zinthu ziwiri: nthawi, ndi makutu a a Longwe. Anandilembera chilolezo choti masana a Lachiwiri ndi Lachinayi ndizipita ku Geisha, kumene a Longwe ankakhala atapuma chifukwa cha maso.

Miyezi isanu ndi iwiri ya ku Geisha

Apa ndi pamene ndinaona ubwino wina wa njirayi umene tebulo lija silinanene. A Longwe sakanathanso kuona sikirini, ndipo pa njira yakale sakanatha kundiyesa, chifukwa ndikanawawerengera zimene ndinatayipa akanangomva p ndi r. Tsopano chilembo chilichonse chinali ndi dzina lomveka ndi khutu. Ndinkasindikiza tsamba mmene ndinalilembera, zizindikiro zonse zili poyera, n'kukhala nawo pakhonde. Iwo, tayi ili pakhosi, ankatsinzina, ine n'kumawerenga mokweza. Tsiku loyamba ndinkati "ampasandi, lamuda, semikoloni," mpaka anakweza dzanja.

"Mlembi, tikatere tifa tisanafike pa mutu wachitatu. Muziti tsegula, lamuda, tseka."

Ndiye zinakhala choncho. Tsegula, alefa, tseka. Tsegula, omega wamkulu, tseka. Akazi awo, mayi Longwe, anabwera ndi tiyi tsiku lina akuseka okha.

"Anthu a nyumba iyo akundifunsa ngati mwayambitsa mpingo pakhonde pano. Akuti tsiku lililonse alefa, omega, tsegula, tseka, koma nyimbo samva."

"Auzeni abwere," anatero a Longwe. "Koma chopereka chathu ndi mayeso."

Munthu ameneyu manotsi ake onse anali m'mutu. Ndikawerenga mzere ankaugwira ngati nsomba. Tsiku lina ndinati v, iwo n'kudumpha pampando. "Yayi! Ameneyo ndi nu. Mwamuiwala mnansi wanu?" Ndinatsutsa, ndinati m'kope mwawo mwalembedwa v woonekeratu. Anandiuza kuti ndiwerenge mizere itatu ya pamwamba, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. Cholakwacho chinali chawo, cha zaka zambiri, ndipo ankachikonza pa bolodi chaka chilichonse osabwerera ku kope. "Lembani nu," anatero, "ndipo musauze munthu kuti Longwe anagonja kwa mChewa wa taipi." Ine ndinalakwitsanso kambiri. Ukaiwala semikoloni, makina ena ankakukhululukira, ena ayi, ndiye ndinkabwerera mzere ndi mzere ndi rula. Tsamba lililonse likatha, ndinkalemba tsiku pakona, iwo n'kusaina pamene ndawaikira chala. Masamba osainidwawo ali m'makatoni awiri pamwamba pa kabati. Mayi anu akhala akufuna malowo, koma akudziwa yankho langa.

Titamaliza tsamba lotsiriza, a Longwe analamula kuti pansi pa tsamba lililonse palembedwe mayina awiri, lawo monga mlembi, langa monga wotayipa. Ndinakana, ndinati wotayipa satchulidwa. Iwo anati, "Wotayipa amene anadzinenera yekha pa intaneti kuti walakwitsa, atchulidwenso pamene wakhoza." Kenaka anafufuza dzanja langa n'kuligwira. "A Mbewe, ine ndikupita kumene kulibe bolodi. Ana awa ndawasiya m'manja mwanu. Wina akadzawasokoneza, mudzalankhule, poti ine sindidzatha." Ndinavomera. Anamwalira chaka chotsatira, nyengo ya dzinja, ndipo tinakawaika kwawo. A Nyasulu, pa tsiku lotsanzikana nawo iwo akupuma, ananena pagulu kuti pa antchito onse mmodzi yekha ndi amene anawachititsa manyazi pamaso pa alendo, ndipo ndi yemweyo amene angamusiyire makiyi a nyumba yawo. Sananditchule dzina, koma anthu onse anatembenukira kwa ine. Mawu amenewo ndinawalandira m'malo mwa kukwezedwa kuja, ndipo sindinaone kuti ndaluza.

Masambawo anagwira ntchito zaka zonse zimene ndinatsala nazo. Aphunzitsi ankabwera ku koleji nthawi ya tchuthi atanyamula makope osindikiza, othimbirira ndi manja, ena atawasoka ndi ulusi. Ena ankafunsa kuti a Mbewe ndi ati, n'kubwera kudzandigwira chanza pakhomo la ofesi.

Chaka chachiwiri chipumireni, mwezi wa Febuluwale

Ndinakumana ndi mayi Longwe mu msika waukulu, ku mzere wa nthochi. Titapatsana moni anandikokera pambali.

"A Mbewe, mwamva? Akuti masamba a bambo awonongeka. Mphunzitsi wina wa ku tchalitchi kwathu akuti sakuwerengeka, ndipo ophunzira akuseka. Akuti analembedwa m'Chimbewe."

"M'chiyani, amama?"

"M'Chimbewe. Poti dzina lanu lili pansi."

Madzulo ake iwe Tamanda unanditsegulira tsambalo pa foni yako, ukukumbukira. Koleji inali itasamutsira masamba onse ku webusaiti yatsopano, yokongola ndithu, ya zithunzi za nyumba zatsopano. Koma pa mzere uja wa chitsulo chobulungira panalembedwa ρπr²h, poyera, mmene ndinkawerengera pakhonde. Tsamba lililonse linali lodzaza ndi ampasandi ndi masemikoloni. Zimene zinayenera kuwerengedwa ndi makina zinali pamaso pa ophunzira, ndipo pansi pake panali dzina la malemu ndi langa.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, chinthu chimene ndinalumbira kuti sindidzachita, mpaka ku koleji. Woyang'anira makompyuta tsopano ndi a Mvula, bambo waulemu amene anandipatsa mpando ndi madzi. Anatsegula tsambalo n'kuona vuto nthawi yomweyo. Anandifotokozera kuti posamutsa, pulogalamu yatsopano inatenga ampasandi aliyense ngati chizindikiro wamba choti chionetsedwe, ndiye inamulemba m'njira yakuti asatsegulenso dzina lililonse. Khomo litatsekedwa choncho, mayina onse anangotsala panja.

"Ndiye kukonza kwake n'kovuta?" ndinafunsa.

"Kovuta ayi, adada. Koma masiku ano zilembo za Chigiriki timangozilemba mwachindunji, makina onse amaziwerenga. Njira yanuyi ndi yakale."

"Yakale, inde. Yolakwa?"

"Yolakwa ayi," anaseka. "Ikugwirabe ntchito mpaka lero. Koma masambawa ali m'gulu la zakale, ndipo ine sindiloledwa kugwira za m'gulu limenelo popanda kalata yochokera ku ofesi ya mkulu wa koleji. Ndikuuzeninso zoona: komiti inagwirizana kuti zakale zimene sizikuwerengeka zidzafufutidwa akamadzakonzanso webusaiti."

Ndinamufunsa kuti abwereze, ndipo ndinalemba mawu akewo m'kabuku kanga iye akuona. Taganizani, ana anga. Masamba anali bwino, iwo anawasokoneza posamutsa, ndipo tsopano adzawafufuta chifukwa ndi osokonezeka. A Mvula sindiwaimba mlandu, ananena zoona ndipo sanandibisire. Njira yatsopano sindilimbana nayo. Ngati rho angalembedwe mwachindunji n'kuoneka rho ku Chitipa ndi ku Nsanje, alembedwe choncho, ine ndiwomba m'manja. Chimene ndikukana ndi chakuti ntchito ya moyo wonse wa munthu, imene anaimva ndi makutu ake mzere ndi mzere maso atafa, itayidwe chifukwa palibe amene wapeza mphindi zisanu zosainira kalata. Ndapita ku ofesi ya mkulu wa koleji kanayi. Mlembi wa kumeneko amandilandira bwino, amadinda kope langa, amati bwana ali ku msonkhano. Mwezi wathawu a Mvula ananditumizira uthenga kuti kukonzanso webusaiti kuyamba teremu ikubwerayi ikatha. Mayi Longwe amandifunsa tikakumana paliponse, ndipo mawu oti "akuganizirabe" andithera.

Mutu uno ndausindikiza makope awiri. Limodzi ndi lanu. Linalo ndikalipereka ku ofesi ija Lolemba, ndipo ndime yotsirizayi ndi yawo.

Kwa Mkulu wa Koleji. Bwana, ine amene ndasaina pansipa, wotayipa wopuma amene ndinatumikira koleji yanu zaka makumi atatu ndi zitatu, ndikupempha mwaulemu kuti mulembere woyang'anira makompyuta chilolezo chokonza zilembo za Chigiriki pa masamba a masamu ndi sayansi a malemu a Longwe, ndi kuti masambawo achotsedwe pa mndandanda wa zofufutidwa. Ngati anthu anu ali otanganidwa, ndipatseni mpando ndi kompyuta, ndidzakonza ndekha popanda malipiro, ndipo makope osainidwa ndi mwini wake ndidzabwera nawo kuti aliyense wokayika ayerekeze. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe molemba teremu ikubwerayi isanathe. Ngati yankho lanu ndi lakuti ayi, lilembedwe ndithu kuti ayi, ndipo wokanayo asainire dzina lake, kuti mkazi wa malemu akadzandifunsanso ndidzakhale ndi pepala lomuonetsa.

Ine wanu,
W. Mbewe
Mzilawaingwe, Mzuzu